Wotchi ya a Amílcar ndi Pilya Yobedwa

Ku Namacula, dera lina la mzinda wa Lichinga, kunalibe munthu amene anamvapo a Amílcar akukweza mawu. Anakulira ku Malawi, kumene makolo awo anathawira nkhondo, ndipo kumeneko anaphunzira kuti mlendo amayankhula motsitsa. Atabwerera ku Lichinga, chizolowezicho anabwera nacho. Ankagwira ntchito mu ofesi ina ya boma, kudinda mapepala ndi dzanja lamanja, lamanzere lili phee m'thumba la jekete kuthawa chisanu.

Wotchi inabwera ndi Ivaldo, dalaivala wa malole a ku Nampula, amene ankafunsira mwana wawo Zélia. Ivaldo anagwada pakhomo n'kupereka kabokosi kudzera m'manja mwa mayi Celestina, akazi a Amílcar, pakuti mkamwini sangolunjika apongozi ake ngati akugulitsa tomato. M'kabokosimo munali wotchi yolemera, yonyezimira, kamuvi kake kakang'ono kakuyenda mosalala ngati madzi a m'ngalande.

A Amílcar anali asanavalepo chinthu chokongola chotero, ndipo anachita nacho mantha. Kuyambira tsiku limenelo mkono wamanzere anaupinda pachifuwa ngati munthu wonyamula dzira la eni. Popita ku ntchito ankayenda monyang'ama kuti wotchi isagwedezeke. Ku ofesi mkonowo ankaugoneka pa mpango wopinda, moti anzawo ankawafunsa ngati athyoka. Akaweruka ankaivula n'kuigoneka m'kambale pa kabati ya pabalaza.

Sabata isanathe, wotchi inaima.

"Muimbireni foni Ivaldo," anatero mayi Celestina. "Si ndiye anagula?"

"Ndimuuze chiyani, amake Zélia? Kuti mphatso yake yafera m'manja mwanga? Adzati banja ili silidziwa kusunga zinthu. Ndiye mwana wathuyu adzamuona bwanji?"

Nkhani inakula chifukwa kumapeto kwa mweziwo abale a Ivaldo ankabwera kudzakambirana za ukwati, ndipo zinali zodziwikiratu kuti maso awo adzayambira pa mkono wa apongozi.

Mnzawo wina wa ku ofesi anati vuto ndi nyengo. Wotchi ya ku Nampula inazolowera thukuta, ndiye kuno kuphiri yakomoka ndi chisanu. A Amílcar anaiotcha dzuwa pazenera. Anaivundikira m'sokosi. Anaikhazika pafupi ndi mbaula, iwo atakhala pambali kuiyang'anira ngati wodwala. Anaipumira mpweya wa m'kamwa. Anakoka kachitsulo ka m'mbali n'kukapotoza, mivi inasuntha ndithu, koma atangosiya inaima pomwepo. Pomaliza anaitengera kumsika kwa Che Aly, amene ankakonza mafoni ndi mawailesi pa kagome pansi pa ambulera.

Che Aly anavala magalasi, natsegula kumbuyo kwa wotchiyo. Anasuzumira nthawi yaitali. Kenaka anavula magalasi aja n'kuyang'ana a Amílcar mwachisoni.

"Wallahi! Shefi, relojo yanu ilibe matenda. Akuberani pilya."

"Pilya?"

"Kabatire kake. Taonani nokha, mulibe."

A Amílcar anawerama. Munali timawilo ting'onoting'ono, ndi kachitsulo kena konga mwezi wogamphuka, kamene kankazungulira kokha wotchi ikapendekeka. Batire munalibedi.

"Aka mukukaonaka ndi kachitseko," anafotokoza Che Aly. "Wakubayo anathawa osatseka." Anatulutsa kabokosi ka mapilya ake n'kuyesa imodziimodzi, akutembenuza wotchi uku ndi uku, koma panalibe poikhazika. Anapukusa mutu mosilira. "Munthuyu ndi katswiri. Watenga ndi mpando womwe wa pilya."

Akuitembenuza choncho, kamuvi kaja kanadzidzimuka n'kuyamba kuyenda.

"Che Aly, ikuyenda!"

Che Aly sanadabwe, pakuti pa gome lake panali pasanachitikepo chinthu chomudabwitsa. Analoza kabokosi kaja. "Ikukoka kwa izi. Foni ikayandikira antena imagwira redi, netiweki ija, si choncho? Relojo nayonso chimodzimodzi. Koma izi si zake, isiya posachedwa. Tsiku limene idzayandikire pilya yakeyake, mudzaona, idzathamanga ngati kamwana ka mbuzi komva kulira kwa make."

Ndipo zinaterodi: a Amílcar asanafike pakhomo, wotchi inali itaimanso. Njira yonse anayenda akuganiza, ndipo maganizo awo onse ankathera pa munthu mmodzi. Adérito, mlongo wa mayi Celestina, anabwera kuchokera ku Chimbonila kudzagulitsa mbatatesi. Matumba anatha kalekale, koma mwini wake osatha. Ankagona pabalaza, mutu utatsamira kabati yomweyo.

Anamupeza pakhonde akukukuta chimanga chootcha.

"Alamu, ndili ndi kafunso," anayamba a Amílcar motsitsa monga mwa masiku onse. "Kodi simunaonepo kapilya ka wotchi yangayi?"

Adérito anaseka mpaka njere zinaulukira pansi. "Ine, alamu? Pilya ndikaphike?"

Kusekako n'kumene kunalakwika. A Amílcar anakumbukira bulangete lawo latsopano limene Adérito ankafunda, shuga amene ankatha ngati akuthira m'chitsime, ndi wailesi imene inkalira nyimbo za Adérito zokhazokha. Zonse zimene anameza kwa miyezi zinakwera pakhosi nthawi imodzi. Anakuwa. Mkono uja ankausunga ngati dzira unakwera m'mwamba, ukuloza kabati, ukuloza Adérito, ukuloza ku Chimbonila, ukulozanso kumwamba. Anthu oyandikana nawo anasuzumira pampanda, osakhulupirira makutu awo. Mayi Celestina anatuluka manja ali thovu lokhalokha.

"Bambo a Zélia," anatero mayiwo mwadzidzidzi, "wotchi yanu ikuyenda."

Onse anayang'ana pa mkonowo. Kamuvi kaja kankathamanga bwinobwino.

"Ndakugwirani!" anatero a Amílcar. "Yamva pilya yake!"

Anasecha m'matumba mwa Adérito, m'chikwama, m'nsapato, m'chipewa. Anapeza chingwe, machesi ndi kafupa ka nkhuku. Mayi Celestina analusa kuti mlongo wawo si mbala, ndipo ngati ili nkhani yothamangitsa abale, anene poyera. Koma Adérito mwini wake anali atasiya kudziteteza. Anali ndwii, akuganiza.

"Tadikirani, alamu. Pilyayo imakhala yaikulu bwanji?"

"Ngati batani la malaya."

"Dzana lija, m'nyemba, ndinaluma kanthu kolimba. Ndinati ndi mwala. Ndiye kulavula pamaso pa alamu n'kupanda ulemu, ndinangomeza." Anagwira pamimba ndi manja onse awiri, maso atatong'ola. "N'chifukwa chake masiku ano sindikumva chisanu!"

Kuti pilya inatuluka bwanji m'wotchi yotseka n'kukagwera mumphika, a Amílcar anaona kuti si funso lofunika. Chofunika chinali chakuti pabanja panalibe mbala, ndipo mtima wawo unakhala pansi. Mayi Celestina anati ndiye amupatse mankhwala otsegula m'mimba nkhani ithe.

"Ayi," anakana a Amílcar. "Ikatuluka tiikhazika pati? Che Aly akuti mpando wake mulibe. Pamene ilipo ndi pabwino."

Chotsala chinali chimodzi: wotchi isatalikirane ndi pilya yake mpaka alendo abwere. M'mawa mwake anamudzutsa Adérito kuti apite naye ku ntchito. Adérito anavomera, koma anakana kuyenda pansi, ati pilya ingatsikire kumapazi. Anaimitsa mota, njinga yamoto yonyamula anthu, nakwera atatu pamodzi ndi woyendetsa, a Amílcar pakati. Msewu wa ku Namacula unali maenje okhaokha, ndipo a Amílcar anaiwala za dzira lija, anagwira woyendetsa ndi manja onse awiri, mano akugundana. Pofika ku ofesi wotchi inali ikuyenda mwamphamvu kuposa tsiku limene inabwera.

Mkulu wa ofesi anaona munthu wachilendo atakhala pambali pa tebulo.

"Senhor Amílcar, ameneyu ndani?"

"Ndi pilya yanga, shefi."

Mkuluyo anaima kanthawi, akufufuza m'mutu ngati pali lamulo loletsa wantchito kubwera ndi pilya yake. Sanalipeze. Analamula kuti amupatse benchi.

Mbiri inafala msanga. Mayi wina wa m'chipinda choyandikana anabwera ndi rimoti ya kanema yomwe inafa chaka chatha. Mlonda anabwera ndi tochi. Adérito ankalandira chilichonse mwaulemu, n'kuchikumbatira pamimba, maso atatsinzina. Zambiri sizinkadzuka, ndipo iye ankapepesa kuti pilya yake ndi yaing'ono, ya wotchi basi. Koma tsiku lina wailesi ya wina inamupulumuka, inagwa pansi, n'kuyamba kulengeza za maliro mokweza. Kuyambira pamenepo anthu ankamupatsa moni ndi manja awiri.

Masana awiriwo ankakhala kuseri kwa ofesi, pansi pa mtengo wa paini, n'kumasewera bawo m'timaenje tokumba pansi. Adérito ankabera poyera, ndipo akagwidwa ankati si iye, ndi mphamvu ya m'mimba. A Amílcar ankaseka mpaka kutsokomola, akuombana naye m'manja. Anamusimbira za ku Malawi, mmene anafikira opanda nsapato, ndi mmene mphunzitsi ankalephera kutchula dzina lawo mpaka anangowatcha Miliki. Zimenezi anali asanauzepo munthu wa ku ofesi kuja zaka zonsezo. Mayi Celestina anaona kuti amuna awo ayamba kupempha ndiwo zowonjezera. Wotchi sinaimenso ngakhale kamodzi.

Kutatsala masiku ochepa kuti alendo abwere, pachipata panatsika Carlota, mkazi wa Adérito, fumbi la shapa, kaminibasi ka ku Chimbonila, lili mbuu m'mutu. Sanafune ngakhale mpando.

"Nyemba zikuthetheka m'munda, mwamuna wanga ali kuno kukumbatira mawailesi a eni! Nyamuka, Adérito."

A Amílcar anachonderera kuti angodikira Loweruka, tsiku la alendo, lidutse. Anafotokoza za Che Aly, za antena, za mwala wa m'nyemba umene sunali mwala. Carlota anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Ndamva, alamu. Ngati mukufuna pilya yanu, m'ng'ambeni pompano mutenge. Chotsalacho ndipite nacho, chikamenye nyemba."

Potsanzika, Adérito anapempha mkono wa alamu ake, naukanikiza pamimba pake nthawi yaitali, Carlota akuguguda phazi pachipata.

"Ndaidzaza, alamu. Koma musaigwedeze, mphamvu ingatayike."

A Amílcar anamvera. Anasiya mota, anabwerera ku kuyenda monyang'ama, mkono uli pachifuwa. Ku ofesi benchi linali lopanda munthu, ndipo masana anadya okha. Lachisanu wotchi inaima.

Loweruka anavala malaya a manja aatali n'kumanga batani la pamkono. Alendo anafika dzuwa lili pamutu, atatsogozedwa ndi a Ambrósio, amalume a Ivaldo, munthu wonenepa wokonda nthabwala, amenenso anali ankhoswe. Ivaldo anakhala pa kampando kafupi pakona, maso ali pansi. Moni atatha, a Ambrósio anatambasula miyendo.

"Tamva kuti mphwathuyu anasiya kanthu pakhomo pano. Apongozi, tatiuzani, nthawi ili bwanji? Ife a kutali timawerengera ulendo."

A Amílcar anayang'ana pazenera kuti mwina dzuwa liwathandize, koma maso onse anali pa mkono. Anamasula batani pang'onopang'ono. Wotchi inkanena kuti kunali kusanache.

Ivaldo anakwawira pafupi ndi amalume ake n'kuwanong'oneza. A Ambrósio anapempha kuti wotchiyo ivulidwe. Inadutsa m'manja mwa mayi Celestina, kenaka mwa a Ambrósio, n'kufika kwa Ivaldo. Iyeyo anaigwira pa lamba n'kuigwedeza mwamphamvu ngati botolo la mankhwala a chifuwa. A Amílcar anatsinzina. Koma itabwerera m'manja mwawo, kamuvi kanali kakuyenda.

Anayang'ana wotchi. Anayang'ana mimba ya Ivaldo. Ulemu wonse wa chipongozi anauiwala.

"Kodi nanunso munameza?"

Ivaldo sakanatha kutsutsa apongozi ake maso ndi maso, choncho ananong'onezanso amalume ake, nthawi ino motalikirapo.

"Mphwanga akuti," anatero a Ambrósio mosamala, "sanameze kanthu. Akuti wotchi imeneyi inabadwa yopanda pilya. Akuti imadya kugwedezeka kwa mkono. Kachitsulo kozungulira kali m'katimo ndi kamene kamaipatsa mphamvu, mwini wake akamayenda ndi kugwira ntchito. Mukaisunga phee, imagona. Akuti akupepesa kwambiri, anaiwala kunena, chifukwa tsiku lija ankanjenjemera."

A Amílcar anatembenukira kwa akazi awo.

"Ndiye mlamu wanga anameza chiyani?"

"Mwala, bambo a Zélia," anayankha mayi Celestina, atatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. "Nyemba zija sindinasankhe bwino."

Alendo anafuna kudziwa za mlamuyo, ndipo mayi Celestina anaifotokoza nkhani yonse, osasiya ngakhale benchi. A Ambrósio anaseka mpaka misozi, n'kupempha madzi. Zélia anathawira kuseri kwa nyumba, kumene kuseka kwake kunkamvekabe. Zokambirana za ukwati zinayenda mofewa kuposa mmene aliyense ankayembekezera, pakuti anthu amene asekera pamodzi choncho savutana pa nkhani ya mbuzi ndi masiku. A Ambrósio anati banja losunga mphatso mpaka kuilembera munthu wantchito ndi banja loyenera kukwatirako.

A Amílcar okha sanaseke kwenikweni. Chimene chinkawalasa si manyazi a pamaso pa alendo. Anakumbukira kuti anakuwira mlamu wawo ngati mbala, anthu akuonerera pampanda, ndipo sanapepese, chifukwa nkhani ya kumeza inabwera n'kukwirira zonse.

Mawa lake, Misa itatha, anakwera shapa ya ku Chimbonila. Anapeza Carlota pabwalo akumenya nyemba ndi ndodo, thukuta lili kamukamu. Adérito anali pamkeka pamthunzi, atakumbatira wailesi ya munthu wina, matochi atatu akudikira pambali pake.

A Amílcar anakhala pansi n'kufotokoza zonse mmene Ivaldo ananenera. Kenaka anavula chipewa.

"Ndinakulakwirani, alamu. Ndinakutchani wakuba pa chinthu chimene sichinakhalepo n'komwe. M'mimba mwanumo mulibe pilya."

Carlota anasiya kumenya nyemba kuti amve bwino. Adérito anaika wailesi pansi, nagwira mkono wa alamu ake, n'kutchera khutu pa wotchi.

"Ikuyenda," anatero.

"Ikuyenda chifukwa shapa inandigwedeza."

"Ikuyenda chifukwa yandimva." Anamwetulira mokoma mtima, ngati munthu wokhululukira mwana. "Mkamwini wanuyo ndi munthu wabwino, alamu, koma zimene amadziwa ndi za malole. Kodi iye anasuzumiramo m'mimba mwanga? Nanga wailesi ija ya ku ofesi anaidzutsa ndani? Za umbala zija musadandaule, ine ndinaziiwala tsiku lomwelo. Bulangete lanu ndinabwera nalo, tafanana."

A Amílcar anakonza pakhosi kuti atsutse. Anayang'ana nkhope ya mlamu wawo, imene inali isanawalepo choncho chikwatireni iwo m'banjamo, ndipo mawu aja anabwerera. M'malo mwake anafunsa ngati nyemba zikatha angabwereko ku Lichinga, ngakhale tsiku limodzi, pakuti bawo ya munthu mmodzi siseweredwa.

"Zikatha nyemba kuli chimanga," anayankha Carlota, ndodo ikugweranso pamulu.

"Ndidzabwera pa ukwati," anatero Adérito motsitsa mawu. "Koma mudzandiike pafupi ndi zokuzira mawu. Mukudziwa mmene magetsi amachitira anthu akayamba kuvina."

Ukwati unachitika mvula isanayambe. Adérito anakhala pa mpando wake pambali pa zokuzira mawu, atavala jekete yobwereka, manja ali pamimba. Anakana kuvina, ngakhale mlongo wake anamukoka kawiri, ati ali pa ntchito. Mbale za mpunga analandira ziwiri, imodzi yake, ina ya pilya. Magetsi sanathime mpaka alendo onse anabalalika, ndipo abale a Ivaldo, pokwera lole yobwerera ku Nampula, anayamba atsanzika Adérito, kenaka eni mwana.